Nambala Yoyera pa Gitala Yanga

Ana anga, mundikhululukire kuti ndagwira cholembera pa msinkhu uno. Sukulu yanga inathera ku pulayimale ya kumudzi, ndipo ngakhale kumeneko ndinali mwana wodziwa yankho koma woopa kukweza dzanja. Inu mwaphunzira kundiposa, zolakwika muzipeza zambiri. Koma iwe Rute wandifunsa kangapo chimene ndinasiyira ntchito ya ku esiteti, ine n'kumangoseka ndi kusintha nkhani. Tsopano poti ndapuma ntchito ndipo maso akadali kuona, ndati ndilembe. Za ubwana wanga ndazisiya. Ndiyambira pamene ndinalembedwa ntchito.

Ntchito yoyamba, ku esiteti ya tiyi kufupi ndi Limbuli

Ndinalowa ngati mesenjala ndili mnyamata wopanda ndevu zenizeni. Anandipatsa jekete la khaki, njinga yakuda, ndi nyumba ya chipinda chimodzi ku komboni, kumene kumakhala antchito. Bwana wanga anali a Likaka, oyang'anira antchito ndi nyumba zawo. Anali munthu wamfupi, wa mawu ofewa, ndipo akakwiya mawuwo ankafewera. Anandikonda chifukwa sindinkadziwa kukana. "Fesitoni, tiyi." "Fesitoni, ukawatengere mayi kunyumba ndiwo ku Limbuli." Ine ndinkangoti, "Chabwino, bwana," manja kumbuyo. Ndikanena zoona, ndinkasangalala akandiyamikira pamaso pa makalaliki kuti mnyamata uyu ndi wa ulemu.

Lamulo limodzi la pa esiteti muyenera kulimvetsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Katundu aliyense wa kampani ankalembedwa nambala ndi penti yoyera: makasu, zikwanje, sikelo, mipando, ngakhale ketulo ya mu ofesi. Chinthu cha nambala sichinkatuluka pa geti popanda mawu a bwana. Mlonda wa pa geti anali a Muhiwa, mkulu wa imvi amene Chichewa chake chinkamveka Chilomwe chokhachokha. Mwezi wanga wachiwiri ndinaona munthu atagwidwa ndi chikwanje cha nambala m'thumba la ufa. Anamutengera ku polisi, ndipo dzuwa lisanalowe mphasa ndi mapoto a mkazi wake zinali panja pa nyumba, ana atakhala pamwamba pake. Ndinadutsa pamenepo ndi njinga yanga osayang'ana kumbali, koma usiku umenewo chakudya sichinalowe.

Patapita zaka zingapo ndinakwatira mayi anu, Edesi, a ku Thuchila. Anabwera kudzakhala nane ku komboni, koma munda wawo wa kwawo sanausiye, ndipo tsiku la malipiro ankagulitsa mandasi pa geti.

Chaka chimene Joswa anabadwa

Kuyambira ndili mwana ndinkayimba banjo ya chitini, koma mobisa, kuseri kwa nkhokwe. Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, malole anayamba kudutsa pa Limbuli, ndipo dalaivala wina wa ku Milanje kutsidya kwa malire, a Alimando, ankaima pa msika kudya chipisi. Tsiku lina anatulutsa chinthu chokulungidwa m'bulangeti kuseri kwa mpando wake. Inali gitala ya magetsi, yofiira, ya nyanga ziwiri, pamimba pake pali chimbale choyera ndi timaginito titatu. Inali yofanana ndendende ndi zija ankagwira oyimba otchuka a kunja pa zithunzi za makaseti.

"Ndi yeniyeni?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsamwa. "Amigo, yeniyeniyo mtengo wake ndi lole ili pamodzi ndi ine ndemwe. Iyi ndi mng'ono wake wosauka. Koma tseka maso umve, ikulira mofanana."

Sindinauze mayi anu kuti ndikuifuna. Ndinangoti ndaona chinthu chokongola pa msika, ndipo ndinanena zimenezi masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi anati, "Bambo a Joswa, mwandibowa." Anapita ku Thuchila, anagulitsa nandolo wawo yense wa chaka chimenecho ndi mbuzi imodzi, ine ndinaonjeza zimene ndinasunga. Lole litabweranso, gitala inagona kwathu.

Inali ndi matenda ake. Khosi lake linali lopindika pang'ono, moti ukakwera kumtunda mawu ankasemphana. Chiperoni chikagwa, mawaya onse ankatsika okha. Ukaiyatsa inkayamba ndi kung'ung'udza ngati njuchi. Ampulifaya anandipangira munthu wokonza mawailesi pa Limbuli kuchokera ku wailesi yakufa, ndipo inkayendera batire ya galimoto imene ndinkakatchaja ku chigayo. Mawaya a gitala m'boma lonse la Mulanje munalibe. Waya ukaduka ndinkagula chingwe cha mabuleki a njinga kwa okonza njinga, n'kuchimasula, n'kusankha kawaya kamodzi kowongoka. Kankacheka zala mpaka magazi, koma kankalira. Lamulungu masana ndinkatseka chitseko n'kumayimba chapansipansi, Joswa ali kumsana kwa mayi ake. Pa zinthu zonse zimene zinali m'nyumba ija, bedi ndi tebulo ndi chitseko chomwe zinali za kampani. Gitala yokha ndi mapoto ndizo zinali zathu.

Chaka chotsatira, bandi ya kampani

Khoma la ku komboni silisunga chinsinsi. A Likaka anamva. Anali atayambitsa bandi yosangalatsa antchito tsiku la malipiro, yokhala ndi ng'oma, besi ndi zokuzira mawu, koma yopanda gitala yotsogolera. Anandiyitana mu ofesi. "Fesitoni, ukubisa luso m'nyumba ya kampani? Loweruka ubwere nayo." Ndinaopa, koma ndinati chabwino. Ndinkaima kumbuyo kwenikweni, nkhope nditalozetsa kwa woyimba ng'oma. Anthu ankavina mpaka fumbi kukwera, amayi othyola tiyi akufuula kuti, "Mesenjala, tembenuka tikuone!" Sindinatembenuke, koma mumtima ndinkakondwa kuposa mmene ndingalembere.

Mvula itayamba, a Likaka anati, "Bwanji ukuvutika kuinyamula m'matope? Uziisiya mu sitolo pamodzi ndi ng'oma. Denga la kumeneko silidontha." Mtima wanga unakana, pakamwa panati, "Chabwino, bwana."

Nditafika kunyumba chimanjamanja mayi anu anandiyang'ana. "Mwaisiya kuti?"

"Mu sitolo. Bwana anena."

"Bwanawo anagulitsa nandolo wa ndani?"



Mu Januwale ndinadwala malungo, ndinagona sabata yathunthu. Sabata imeneyo ndiyo inali yowerenga katundu wa kampani. Nditachira ndinapita ku sitolo, ndinavundukula bulangeti. Pa thupi lofiira, pansi pa mawaya, panali nambala ya penti yoyera, yaikulu ngati ya pa khasu, penti itayenderera pang'ono kumunsi. 

Woyang'anira sitolo anali a Jafali, Myao wamtali wosakonda mawu ambiri. Ndinati, "A Jafali, chachitika n'chiyani?"

"Chilichonse chimene chagona mu sitolo tsiku lowerenga chimalembedwa. Ukudziwa iwe."

"Koma mukudziwa kuti ndi yanga."

"Ndikudziwa. Ndinawauza bwana ako burashi ili m'manja. Anati lemba." Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Mverera, m'bale. Bwana wamkulu anatulutsa ndalama za gitala chaka chatha, anapatsa bwana akowo, koma gitala sinagulidwe. Owerenga anabwera kudzaona gitala, ndipo anaiona. Ukaichotsa apa, pakhala dzenje, ndipo m'dzenjemo mugwa munthu. Ine sindinakuuze kanthu."

Ndinatenga masiku angapo ndikuyeserera mawu panjinga. Tsiku limene ndinalimba mtima, ndinaika tiyi pa tebulo la a Likaka n'kunjuta pambali. "Bwana, pepani, ndimati ndifunse za gitala ija. Zikuoneka kuti analakwitsa, anailemba nambala."

Anatakasa shuga nthawi yaitali. "Yasowa?"

"Ayi, bwana."

"Wina wakuletsa kuyimba?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye vuto lili pati? Ili pamalo abwino, ukuyimba ndi iwe yemwe. Fesitoni, ine ndinakutola ulibe nsapato. Mwana wako akugona m'nyumba yosadontha. Usamamvere nzeru za akazi." Anamwetulira. "Tikonza. Pita."

Ndinati, "Zikomo, bwana." Ndinathokoza ndithu, ana anga.

Miyezi itatu ndinayimba gitala yanga ngati yobwereka. Ndinkaitenga kwa a Jafali Loweruka, n'kuibweza isanafike nthawi yotseka. Waya ukaduka ndinkagulabe ndine. Kunyumba Lamulungu kunali zii, ampulifaya itakhala pakona, ndipo mayi anu anaivundikira ndi chitenje kuti asamaione. Sanandikalipire. Ankangondipatsa madzi osamba osalankhula, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa kukalipa.

Epulo wa chaka chomwecho

Lachinayi lina a Jafali anandikodola. "Zida zonse za bandi zikupita ku esiteti yaikulu Lolemba, kutsidya kwa boma. Kumeneko kuli oyimba awo. Ndauzidwa kale kuti thirakitala idzazitenga." Ndinamvetsa. Loweruka, tsiku la malipiro, linali lomaliza kuigwira.

Loweruka m'mawa mayi anu anali kukazinga mandasi panja. Ndinakhala pa mwala n'kuwauza zonse. Ndinawakumbutsa za munthu wa chikwanje uja, ndi mapoto panja. Ndinati mwina tingoisiya, tidzagula ina.

"Mudzagula ndi chiyani?" anatero, osandiyang'ana. "Ine sindikukuuzani chochita. Mukaisiya, sindikuthawani. Mukaitenga, kwathu ku Thuchila munda ulipo, amalume sangatikanize malo. Koma chimodzi chokha: musaitulutse pa mpanda ngati wakuba. Joswa asadzamve kuti bambo ake anaba chinthu chawo chomwe."

Masana tinayimba pabwalo la kutsogolo kwa ofesi. Sindikumbukira chimene ndinayimba. Zala zinkayenda zokha, thukuta likulowa m'maso. Titamaliza, anzanga anayamba kunyamula ng'oma kupita ku sitolo, kumanzere. Ine ndinazula chingwe, ndinakoleka gitala paphewa osaikulunga, nambala ili poonekera, n'kulowera kumanja, ku geti. Komboni yathu inali kunja kwa geti, kutsidya kwa msewu. Woyimba besi anandiyitana kawiri. Sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka ndikanabwerera.

A Muhiwa anandiona ndikadali patali. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kutsitsa mtengo wotsekera geti.

"Mwana wanga, ukupita kuti ndi chimenecho?"

"Kunyumba, agogo. Ndi yanga."

"Ndikudziwa kuti ndi yako. Ndinakutsegulira ndine tsiku limene unalowa nayo. Koma lero ili ndi nambala." Anagwira mtengowo ndi manja onse awiri. "Ukadutsa, mawa ine ndilibe ntchito. Kwanditsalira miyezi yochepa kuti ndipume. Usandiphe, mwana wanga."

Zimenezi sindinaziganizire. Ndinkaganiza za ine ndekha, za polisi, za nyumba. Ndikanatha kuwerama n'kudutsa pansi pa mtengowo, mkuluyo sakanandigwira. Ndinaima pamenepo, kumbuyo sindingabwerere, kutsogolo sindingapite. Kenako ndinati, "Sindidutsa popanda mawu, agogo. Koma ku sitolo sindibwerera. Tumizani munthu akawayitane bwana."

Ndinakhala pansi m'fumbi, pambali pa kanyumba ka mlonda, gitala pamiyendo. Anthu amene ankatuluka ndi malipiro awo anayamba kuima. Ogulitsa kaunjika, usipa ndi nthochi kunja kwa geti anasiya malonda. Wina anafuula, "Mesenjala wapenga!" Wina anati, "Tiyimbire kaye usanapite ku polisi!" Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Ine amene ndinkaopa kutembenuka pa bandi, tsopano maso a esiteti yonse anali pa ine. Mayi anu anali kutsidya kwa mtengo, beseni la mandasi pansi, Joswa kumsana. Sanayandikire.

Njinga yamoto ya a Likaka inamveka kuchokera ku ofesi. Anatsika mosafulumira, anavula chipewa, n'kudzaima pafupi kwambiri kuti ena asamve. Ndinagwada.

"Fesitoni, wamwa?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye bweza katundu wa kampani ku sitolo. Ndiiwala kuti zimenezi zachitika."

 Mawu aja a masiku onse, chabwino bwana, anali atafika kale pa lilime. Ndinayang'ana nsapato zawo, zimene ndinapukuta ndine m'mawa womwewo.

"Ndi yanga, bwana."

"Wati chiyani?"

"Ndi yanga, bwana. Ndinagula pa Limbuli."

"Ukudziwa kuti ndikhoza kuyitana apolisi pompano?"

"Ndikudziwa, bwana. Akabwera adzandifunsa, ndipo ndidzawauza. Mwina adzafunanso kufunsa bwana wamkulu kumene inagulidwa." Sindinanene mowopseza. Ndinanena chifukwa ndi mmene zikanayendera. Koma ndinaona kuti amva tanthauzo lake.

 Khamu lonse linali chete, moti ndinkamva wailesi ya pa golosale kutsidya kwa msewu. Kenako a Likaka anayankhula mokweza, kuti onse amve.

"Munthu wosayamika sitimusunga pano. Ukafuna kutuluka ndi chidole chakocho, jekete la kampani ulisiye pompano. Njinga, nyumba, zonse. Sankha."

Ndinayang'ana kutsidya kwa mtengo. Sindinkafuna kuyang'ana, maso anapita okha. Mayi anu anakweza Joswa kumsana, anamangitsa chitenje, n'kunena mawu amodzi okha, osakweza: "Vulani."

Ndinatsamiritsa gitala pa khoma, ndinamasula mabatani. Batani lina linakana, ndinalimbana nalo anthu onse akuyang'ana. Ndinapinda jeketelo bwinobwino monga ndinkachitira masiku onse, ndinaika kiyi wa njinga pamwamba, n'kupereka ndi manja awiri. Sanalandire. Ndinaliika pa mpando wa njinga yamoto. Kenako ndinati, "Bwana, pepani, muwauze a Muhiwa ndi pakamwa panu kuti atsegule. Anthu amve."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Muhiwa, tsegula. Achoke."

Mtengo unakwera. Ndinadutsa ndi malaya amkati okha. Palibe amene anawomba m'manja. Mayi anu ananyamula beseni pamutu, tinawoloka msewu, n'kulowa m'nyumba.

Ku Thuchila, ndi pambuyo pake

Anatipatsa mpaka Lachitatu. Tinasenza katundu pa njinga zobwereka mpaka ku Thuchila, kumene ndinakakhala mkamwini wopanda ntchito, wobwera ndi gitala m'malo mwa malata. Alamu anga ankandiseka poyera. "Alamu, tiyimbireni, mwina chimanga chimera msanga." Ndinalima m'munda wa mayi anu, ndinagwira maganyu, ndipo chaka chimenecho tinkadya kamodzi pa tsiku kuyambira Disembala mpaka chimanga chitacha. Rute, unabadwa m'njala imeneyo. Musaganize kuti sindinkadandaula. Masiku ena ndinkayang'ana gitala ija n'kumaida.

Choopsa kwambiri chinali chakuti nkhani inali isanathe. M'maso mwa kampani gitala ya nambala ija inali ikadali yawo, ndipo nthawi yowerenga katundu ikafika a Likaka akanatha kungonena kuti mesenjala anathawa nayo. A Muhiwa anali atapuma n'kubwerera kwawo kutsidya kwa malire. Ndani akanandiikira umboni? Nambala sindinaipale, poopa kuti angati ndikubisa. Njinga yamoto ikamveka pa msewu ndinkasiya khasu n'kuima. Mu Januwale sindinkagona m'nyumba masana, ndinkakhala kumunda mpaka dzuwa litapendeka. Gitala ndinkayimba osalumikiza ku ampulifaya, mawaya okha, kuti isamveke kunja.

Pambuyo pa zokolola ndinapeza ntchito ku nazale ya mitengo ku Likhubula, yothira dothi m'timapepala ndi kuthirira mbande za mkungudza. Kumeneko ndiko ndinakhala mpaka kupuma, ndipo za kumeneko ndi nkhani ina. Ndisanayambe, akuluakulu a ku nazaleko anandituma kukatenga kalata ya kwa amfumu a kwathu, ndipo njira yake inadutsa pa Limbuli. Linali tsiku la msika. Ndinamva bandi ikuyimba pabwalo la mpira, ndipo ndinazindikira ng'omazo. Inali bandi ya ku esiteti yaikulu ija, itabwera kudzasangalatsa anthu pa mpira wa makampani.

Ndinafuna kubwerera, koma miyendo inandipititsa. Ndinaima kumbuyo kwa anthu, chipewa nditatsitsa. Kutsogolo kunali mnyamata wachilendo, wovina kwambiri, atanyamula gitala yakuda, yatsopano, ya mtundu womwewo wotsika mtengo. Atatembenuka, dzuwa linawala pa thupi lake, ndipo pansi pa mawaya panali nambala ya penti yoyera. Ndinaiwerenga kawiri. Inali nambala yomwe ija, yanga.

Wina anandigwira pa chigongono. Ndinadzidzimuka kwambiri. Anali a Jafali.

"Waona?" anatero.

"Ndaona. Yachokera kuti?"

"Ku Limbe. Bwana ako anakagula yekha tsiku loti owerenga afika mawa lake. Anagulitsa wailesi ya m'nyumba mwake." Anatafuna nzimbe, n'kulavula. "Anabwera nayo ku sitolo yekha, anandipatsa burashi yekha. Ndinamufunsa kuti nambala yanji, bwana? Anangondilozera nambala yako ija m'buku. Dzenje latsekeka, m'bale. Palibe akukufuna."

Ndinafika ku Thuchila dzuwa likadalipo. Sindinakhale pansi. Ndinanyamula batire kupita nayo ku chigayo, ndinadikira, ndinabwera nayo pamutu. Ndinatulutsa ampulifaya pakhonde, ndinalumikiza, n'kupotokola mpaka kumapeto. Mayi anu anatuluka m'khitchini akuthamanga, Rute ali m'manja.

"Bambo a Joswa, anthu amva!"

"Amve," ndinatero.

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Meyi, chaka chimene Rute anayamba kukwawa.